Lekodi Yopindika ya Ba Sakala

Ndinachoka kwathu ku Mchinji chaka chimene fodya wathu anakanidwa ku okushoni kawiri konse. Mkazi wanga, mayi a Lonjezo, anandiperekeza mpaka pamsewu mwana ali kumsana, osalira, osaseka. Malire ndinadutsa wapansi, kudzera m'minda ya chimanga, chifukwa pasipoti ndinalibe. Mawa lake madzulo ndinatsika basi mu Lusaka, m'manja muli kachikwama, m'mutu mulibe dzina la munthu ndi mmodzi yemwe.

Masabata oyamba ndinkaima pazipata za mafakitale, kudikira kapitawo atuluke aloze chala. Akakuloza, umasenza matumba a simenti mpaka dzuwa kulowa. Akapanda kukuloza, umameza malovu. Tsiku lina masana ndikugula chinangwa chootcha, ndinamva munthu akuseka kumbuyo kwanga.

"Iwe, wati chiyani? Zinthu? Kuno timati vinthu. Ukapitiriza kuyankhula ngati wailesi ya ku Lilongwe, akunyamula sabata isanathe."

Anali bambo achikulire, aatali, a imvi, ovololo yawo yothimbirira ndi mafuta. Dzina lawo Ba Sakala, kwawo ku Katete, koma anakalambira m'tauni. Anandifunsa mudzi wathu ndi mfunda wanga, nandiuza kuti ndiwatsate. Tsiku lomwelo anandipezera malo kumene ankagwira iwo, ndipo madzulo ananditengera ku komboni ya Kanyama kumene ankakhala, nandiyalira katoni pansi m'chipinda chawo.

"Ugona apa mpaka upeze pako, mphwanga."

Ndinagona pamenepo zaka ziwiri.

Mwini ntchito anali Ba Mwansa, a kumigodi ya mkuwa, aafupi, onunkhira perefyumu, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo. Anali ndi shedi kumalire a mafakitale ndi Matero, m'mene ankakonza makina oyimbira malekodi, mbale zakuda zija makolo athu ankaika pa galamafoni. Ine ndinkayesa kuti zimenezo zinafa kalekale. Ayi ndithu. Anthu a ndalama a kumayadi ndi azungu anali ataziyambiranso, ndipo ankazisamala kuposa ana obala okha.

Mmisiri anali Ba Sakala. Ndiwo ankagwira makina osemera zitsulo, ndipo chilichonse chimene ndikudziwa pa ntchitoyi ndinachitenga kwa iwo. Anayamba kundiphunzitsa pulata, chimbale chachitsulo chozungulira chimene lekodi imagonapo. Ankaika levulo, kachipangizo koonera ngati chinthu chagona molingana, pamwamba pake, n'kupukusa pulatayo ndi chala, kenako n'kugwada kuti diso lilingane ndi m'mphepete mwake.

"Yang'ana. Ikugwedeza mutu, waona? Ikatero singano ikwera phiri, itsika phiri, woyimba amveka ngati waledzera."

Ankaichotsa, kutsuka dzenje la bering'i m'mene imazungulirira, kudonthezamo mafuta dontho limodzi lokha. Ikakanabe ankaisema pamakina pang'onopang'ono mpaka izizungulira ngati yaima.

Ntchito yanga inali kudula timphasa toyala pakati pa pulata ndi lekodi. Tambiri ndinkadula ku malamba akale a mphira otayidwa m'mafakitale. Timeneti timagwira lekodi kuti isaterereke, ndipo timameza kunjenjemera kwa mota. Ta nsalu yaubweya Ba Sakala ankadana nato. M'miyezi yozizira mpweya ukauma, umati ukanyamula lekodi, kamphasa n'kukakamira kunsi kwake, kakuthetheka, fumbi lonse la Matero litamatirira. Timene ankatikonda ndi ta chikopa cha mbuzi. Chikopacho ndinkachipala ndi galasi losweka mpaka chipyapyale mofanana paliponse, chifukwa kamphasa kakanenepa mkono wa singano umapendekeka. Zikopazo ndinkakagula ndekha kumsika wa mbuzi, koma Ba Mwansa ankauza makasitomala kuti zabwera pa ndege.

Ndiye panali chopanira, chibulumwa cha mkuwa chachikulu ngati chibakera, choboola pakati. Umachiveka pa kamsomali ka pakati pa pulata, n'kupotokola mpaka lekodi igone.

"Nkhani si kulemera," Ba Sakala ankatero. "Cholemera kwambiri chimadya bering'i. Upane mpaka umve kuti yagwira, basi, chotsa dzanja. Ukapanitsa, m'mphepete mudzuka."

M'kati mwa shedi munali chipinda cha bwana chomveramo nyimbo, chozizira, cha makoma okhuthala, kapeti pansi. Ba Sakala sankaloledwa kulowamo chifukwa cha mafuta a m'zikhadabo. Ine ndinkalowa kukapukuta, nsapato nditavula, m'manja nditasamba kawiri. Malekodi ankatsukidwa ndi madzi a m'mabotolo. Ife tinkamwa a mumgolo wa kuseri, ofunda ndi dzuwa. Tsiku lina ndinagwira lekodi pamizere yake m'malo mogwira m'mphepete. Ba Mwansa anatola chidutswa cha lamba wa mphira n'kundikwapula nacho pakhosi, kasitomala ali pomwepo.

"Iwe Malawi, ichi chinthu nichodula kuchila iwe na banja yako yonse. Wamvela?"

Ndinati ndamva, ba bosi. Dzina langa sanalitchulepo zaka zonse zija. Ndinali Malawi basi. Madzulo ake Ba Sakala anafunditsa madzi a mchere n'kunditosa nawo pabala, akung'ung'udza kanyimbo, zala zawo zikugunda paphewa langa ngati akuimba ng'oma. Anali ndi chizolowezi chimenecho. Ankagunda pa benchi, pa mbale, pa mpando wa minibasi, mpaka anthu kuwacheukira.

Ku Kanyama mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba osagogoda. Bedi la Ba Sakala linali pa mabuloko, ndipo miyezi imeneyo tinkagona tonse pamenepo, wina mutu uku wina uko, pansi achule akusambira. M'mawa tinkavala majumbo kumapazi n'kudumpha pamiyala mpaka kumsewu. Pa phaso la denga panali jumbo yakuda yomangidwa ndi waya. Ndinkaiona tsiku ndi tsiku osafunsa. Lamlungu lina masana, mvula itatitsekera m'nyumba, anakwera pabedi n'kuitsitsa.

Munali lekodi m'chikuto chong'ambika. Pachithunzi panali anyamata asanu a tsitsi lofufuma ndi mathalauza otambasuka kumiyendo. Analoza wa kumapeto, amene ananyamula timitengo tiwiri.

"Uyu ndine. Ng'oma zonse zili m'menemu ndi manja awa."

Ali anyamata anali ndi bandi, ankaimba m'mabala a kumigodi. Anajambula chimbale chimodzi chokha. Anzawo anayiwo anatha mmodzimmodzi matenda aja atafika. Lekodiyo anaipachika kudenga poopa madzi, koma kutentha kwa malata kunaipinda ngati tsamba la fodya louma. Chopanira cha pakati sichikanatha kuigoneka, chifukwa inakhota m'mphepete. Anali asanaimvenso zaka zambirimbiri.

"Koma ndaipezera nzeru," anatero.

Nthawi ya nkhomaliro, ife tikudya, iwo ankasema mkombero wachitsulo kuchokera ku chivundikiro chakale chimene chinatayidwa kuseri kwa shedi. Mkomberowo unali woti ugone m'mphepete mwa lekodi, chopanira chigwire pakati, lekodi iwongoke pa pulata. Anausema miyezi itatu, chifukwa ukalemera mbali imodzi pulata iyamba kugwedeza mutu. Ankadikira tsiku loti bwana achokepo, aimve pa makina oyesera a m'shedi.

"Kamodzi chabe, mphwanga. Ndimve ngati tinalidi anthu."

Amene anaulula za lekodiyo ndine. Palibe anandikakamiza. Tsiku lina Ba Mwansa ananditenga pagalimoto kukasiya makina kwa kasitomala. Anandikhazika kutsogolo, nandigulira chakumwa chozizira, chinthu chimene anali asanachitepo. Panjira anayamba kudandaula kuti kuli mzungu wina amene akusaka malekodi a mabandi akale a mu Zambia, ndipo iwo afufuza Chawama yense ndi Mtendere osapeza kanthu. Ndinafuna kuti andione ngati munthu wodziwa zinthu. Pakamwa panatseguka pokha.

Mawa lake anapita pamakina a Ba Sakala akumwetulira.

"Ba mudala, nimvela ati muli na lekodi ya bandi yanu. Nigulitseniko."

"Si yogulitsa, ba bosi."

"Vonse vimagulitsiwa."

"Iyi ayi."

Ba Sakala sanandiyang'ane, ndipo kunyumba sanandifunse kanthu. Sabata isanathe, Ba Mwansa anapeza mkombero uja pansi pa benchi. Anaitana antchito onse, naukweza m'mwamba, nanena kuti mkuluyu wakhala akuba zitsulo za kampani. Munthu amene anawasemera zaka zoposa khumi anamutulutsa pachipata ngati galu wachiwewe, bokosi la zipangizo zake n'kulilanda.

Kenako anandiitanira m'chipinda chozizira chija.

"Malawi, mapepala yako yali kuti?"

Ndinayang'ana kapeti.

"Foni imozi chabe, bazabwela bakutenge. Koma ukaleta ija lekodi, mashini ya mudala niyako. Sankha wekha."

Ndikanatha kuthawira ku komboni ya Misisi n'kuyambiranso ganyu. Ambiri amatero, ndipo ndinaziganiza zimenezo. Koma ndinaganizanso za makina aja, ndi malata amene mayi a Lonjezo anali atayamba kugula ndi tindalama timene ndinkatumiza. Loweruka m'mawa, Ba Sakala atapita kumaliro a mnansi, ndinakwera pabedi lawo, ndinamasula waya, ndinachotsa lekodi. Jumbo ndinaimanganso m'mene inalili, muli katoni.

Mzungu uja anabwera Lolemba. Tsiku lomwelo Ba Sakala anafika pachipata, atatsegula jumbo n'kupezamo katoni. Ndinawaona atagwira zitsulo za geti, mlonda akuwakankha pachifuwa. Sanakuwe. Anangokhala pansi pafupi ndi ngalande, padzuwa.

M'chipinda, Ba Mwansa anaika lekodi pa makina awo apamwamba, nayatsa. Singano inakwera, inatsika, n'kudumpha ngati chiwala. Anayesanso, chimodzimodzi. Mzungu anapukusa mutu n'kuyamba kuyang'ana wotchi.

"Malawi, leta vija vamene anaba mudala."

Ndinayala kamphasa ka chikopa kopyapyala kuposa tonse. Ndinagoneka lekodi, ndinaveka chopanira, ndinapotokola mpaka kumva kuti yagwira, n'kuchotsa dzanja. Kenako mkombero. Unakhala m'mphepete ngati unabadwira pomwepo, ndipo lekodi inagona myaa. Pulata inayamba kuzungulira. Singano inatera.

Nyimbo yoyamba imayamba ndi ng'oma zokhazokha. Sindinamvepo ng'oma zotero, zothamanga koma zosapupuluma, ngati lole yodzaza ikutsika chitunda ili m'manja mwa dalaivala wodziwa. Kenako analowa magitala, kenako mnyamata wa mawu osasa akuimba za mtsikana wa mukomboni. Mzungu anatsinzina. Mbali yoyamba itatha, ananyamula chikuto nafunsa m'Chingerezi ngati alipo wotsala mwa anyamata a pachithunzi.

Chingerezi changa n'chochepa, koma yankho ndinalimva. Ba Mwansa anati onse anamwalira, nagwedeza mutu mwachisoni. Ine ndinangoima pambali pa khomo, manja kumbuyo. Mzungu anatenga lekodi, chopanira ndi mkombero womwe. Galimoto yake potuluka inadutsa pafupi ndi mapazi a Ba Sakala, n'kuwathira fumbi.

Madzulo ndinapita ku Kanyama chifukwa kunalibe kwina kopita. Ndinawapeza atakhala pabedi, jumbo ili pamaondo. Ndinaima pakhomo kudikira kuti andimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

"Unalimo m'chipinda?"

"Ndinalimo."

"Anaika ndani?"

"Ine."

"Inadumpha?"

"Ndi mkombero sinadumphe ngakhale kamodzi."

"Ngakhale poyambirira penipeni? M'pamene inakhota kwambiri. Pamenepo ndili ndekha."

"Ngakhale poyambirira."

Anasisita jumbo. Kenako anafunsa motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Nanga ng'oma?"

Ndinangoti zinali zabwino, ba mudala, zabwino kwambiri, mpaka mzungu anatsinzina.

"Ndiye wamva ndiwe," anatero. "Tenga chikwama chako."

Ndinasamukira ku komboni ya George, ndipo makina awo anakhala anga monga bwana analonjezera. Zaka zitatu ndinasema zopanira ndi mikombero, chifukwa Ba Mwansa anaona kuti mikombero ikuyenda malonda, ndipo ankauza anthu kuti nzeruyo anaipeza okha m'pemphero. Ndinanenepako pang'ono. Ndinagula foni yabwino, ndinatumiza kwathu zitenje ndi nsapato za sukulu. Pa foni mayi a Lonjezo ankandiuza za mtengo wa feteleza ndi za amene wamwalira, ndipo ine ndinkati zonse zili bwino kuno.

Ba Sakala ndinawaonanso kamodzi. Bwana anandituma ku Chunga, kudzala lalikulu la mzinda, kukagula zidutswa za mkuwa kwa anthu otola zitsulo. Utsi uli tolo, ntchentche zili ng'waa. Pamzere wa ogulitsa panali iwo, thumba paphewa, ovololo ija itasanduka nsanza, diso limodzi litayera. Atafika pa sikelo yanga anakhuthula thumba, nasankha chidutswa chimodzi, nachiika pambali.

"Ichi usatenge. Chili ndi mng'alu m'kati. Ukachisema chithetheka, chikuvulaza."

Ananena ngati akuuza mlendo aliyense. Ndinati, "Ba Sakala, ndine."

"Ndakuona," anatero, napinda thumba lawo, nabwerera mu utsi.

Zala zanga zinapita mwezi wa Khirisimasi, maoda atachuluka. Bwana anaima kumbuyo kwanga akufulumiza, ndipo ine ndinakulunga sanipepala ku zala n'kuyamba kusalaza chopanira makina akuzungulira. Mmisiri aliyense amadziwa kuti zimenezo sachita. Sindinamve kuwawa poyamba. Ndinangomva kukoka, kenako ndinaona dzanja langa lamanja latsala ndi chala chachikulu ndi chaching'ono. Ba Mwansa anazimitsa makina, namasula chopanira chija, nachizunguza pa kuwala kuona ngati chakandika. Atachipukuta magazi ndi mpango wawo m'pamene anauza dalaivala kuti andiperekeze kuchipatala.

Tsiku lachitatu ndili pabedi la chipatala, anabwera anthu awiri a yunifolomu kudzafunsa mapepala. Amene anawaimbira foni sindinafunse. Ndinakhala m'chitokosi masabata angapo, bala likununkha, pamodzi ndi anyamata a ku Congo ndi ku Burundi amene ankanditsukira ndi madzi awo akumwa. Kenako anatikweza galimoto, ine n'kukanditula pamalire. Katundu wanga yense anatsala ku George. Ndinalowa m'dziko langa ndi jumbo imodzi, muli malaya awiri ndi mapilitsi.

Nyumba ya malata ndinaipeza itaima ndithu. M'chipinda chakutsogolo munali golosale ya alamu anga, achimwene a mkazi wanga, ndipo ndiwo anandilandira ngati eni khomo, nandipatsa mpando panja. Lonjezo, amene ndinamusiya kumsana, anali mtsikana wa yunifolomu. Anagwada patali n'kupereka moni wa mlendo, ndipo atamuuza kuti awa ndi bambo ako anathawira kuseri. Abale anabwera kudzaona zimene ndabweretsa. Anaona jumbo, anaona dzanja, ndipo ambiri anakumbukira kuti asiya mbuzi zosamanga.

Mayi a Lonjezo anamasula bandeji okha. Anayang'ana nthawi yaitali, osanyansidwa, osalira.

"Ndiye khasu muzigwira ndi chiyani?"

Anamanganso bandejiyo, napita kukatunga madzi. Miyezi yotsatira tinkakhala ngati anthu awiri odikira basi imodzi. Ine ndinkalondera golosale alamu akapita kukapikula, n'kuphunzira kudya ndi dzanja lamanzere.

Lamlungu lina abusa a kumpingo kwathu anandipempha kuti ndiime ndipereke umboni wa m'mene Mulungu anandisungira kudziko la eni. Ndinaima kutsogolo. Ndinanena za lamba wa mphira pakhosi, za madzi a mumgolo, za bwana amene anapukuta chitsulo ine ndikukha magazi, za chitokosi. Ndinakweza dzanja kuti onse aone. Amayi ena analira mokweza, ena akuti Ambuye, Ambuye. Zonse zimene ndinanena zinali zoona.

Nditamaliza, abusa anandigwira paphewa natembenukira kumpingo.

"Mwamva, abale? Munthu uyu anakhala pakati pa afisi. Zaka zonsezi, m'dziko lonse lija, sanapezeke ndi mmodzi yemwe womuyalira mphasa kapena kumupatsa madzi. Anamusunga ndi Mulungu yekha. Si choncho, bambo a Lonjezo?"

Tchalitchi chonse chinandiyang'ana. Ndinaona alamu anga, ndinaona mwana wanga atatong'ola maso kwa nthawi yoyamba ngati ndine munthu woti n'kumunyadira.

"N'choncho, abusa," ndinatero.

Amayi analulutira, kwaya inayamba nyimbo. Potuluka, mayi a Lonjezo anandidikira pakhomo la tchalitchi, chinthu chimene anali asanachitepo chibwerereni. Anatenga dzanja langa lodukalo m'manja mwawo onse awiri, pamaso pa anthu, nayamba kulisisita.

"Munavutika, bambo a Lonjezo. Inu simunalakwire munthu."

Ndinawalola asisite.